Jaji wa mu Saluni Yanga

Mwana wanga wachiwiri, mtsikana, timamutchula kuti Jaji. Dzinali silinachokere kwa ine ayi, analiyambitsa ndi makasitomala, ndipo linamukakamira moti ngakhale aphunzitsi ake amamuitana choncho. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndi woonda ngati ndodo ya mopu, maso ake ndi aakulu, ndipo pakamwa pake, abale inu, anatengera ine. Zimenezo sindikana.

Ine ndili ndi saluni. Musaganize za masaluni akuluakulu aja a magalasi ofika kudenga. Yanga ndi kachipinda kamodzi koyang'ana kumsewu, pakati pa wokonza mafoni ndi wogulitsa matayala akale. Muli mipando iwiri yozungulira, draya imodzi youmitsira tsitsi yomwe imafuna kuimenya kaye kuti iyambe kulira, galasi long'aluka pakona, ndi benchi ya odikira. Timaluka awiri, ine ndi mwana wanga woyamba, amene ndimangomuti Wamkulu. Manja a Wamkulu ndi odalitsika. Akadula mzere ndi chipeso umachita kuwongoka ngati wayeza ndi rula, ndipo anthu amadumpha masaluni ena panjira kudzadikira iyeyo.

Kuluka ndi ntchito ya tsiku lonse. Munthu amakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, khosi lili chiweramire, miseche n'kutha, foni n'kuthima. Ndiye Jaji akaweruka kusukulu ankabwera kudzakhala pampando wa draya ndi mabuku ake. Pakona pa msewu wathu pali bambo wina wogulitsa mabuku akale. Amawayala pansi papepala la pulasitiki, ena opanda zikuto, ena onunkha chinyezi. Bamboyo anamukonda Jaji, n'kumamulola kusinthitsa: akabweza limodzi, atenge lina. Onse ndi a nkhani za achinyamata. Ena ndi a zachikondi, ena ndi a ana othawa kwawo n'kukakwera mapiri, kuwoloka mitsinje ndi kulimbana ndi zigawenga.

Tsiku lina kasitomala wanga wakalekale, amene timangowati a Nesi chifukwa amagwira ntchito kuchipatala, anatopa ndi kuwerama.

"Iwe mwana, ukusekerera chiyani wekhawekha? Tatigawireko," anatero.

Basi, kumeneko kunali kutsegula mpopi. Jaji anayamba kutifotokozera bukulo, maso ali patsamba la Chingerezi, pakamwa pakutuluka chilankhulo chathu. Mawu a mtsikana amawachepetsa, a mnyamata amawakulitsa, chigawenga chikamalankhula amachita kukwinya mphuno. Makasitomala anayamba kufunsa asanakhale n'komwe pansi kuti, "Mwana uja abwera lero?"

Vuto lake linali limodzi. Mwanayu satha kuwerenga tsamba osaliweruza. Nkhani ikafika pokoma, aliyense mtima uli m'mwamba, iye amatseka buku chala chili m'kati.

"Taimani kaye. Mtsikana ameneyu akuti ndi wosauka, koma chiyambire bukuli sanachapepo ngakhale sokosi. Amamuchapira ndani?"

"Iwe, werenga!" timatero tonse.

Amawerenga pang'ono, kenako n'kuimanso. Tsiku lina linali buku la maulendo, ana atasochera m'nkhalango.

"Amayi, inu ndinu katswiri, tandiyankhani. Ana awa agona kutchire sabata yathunthu, opanda chipeso, opanda mafuta. Koma akuti tsitsi la mtsikanayu likuuluka ndi mphepo. Tsitsi losapesa sabata yathunthu limauluka?"

"Limagwirana ngati chinkhupule," ndinayankha.

"Mwamva? Wolembayu sanalowepo mu saluni."

A Nesi anaseka mpaka ndinataya chingwe cha tsitsi chomwe ndinkaluka. Ndiwo anati, "Uyu si mwana, uyu ndi jaji." Ine ndinaika lamulo loti chigamulo chizibwera chaputala chikatha, apo ayi azikawerengera kunyumba. Lamulolo amalisunga masiku amene wafuna.

Koma ndikuuzeni, mutu wa mwana ameneyu umagwira. Zina zimene amanena ine ndimakazilingalira ndikusesa tsitsi madzulo. Anati olemba mabuku a maulendo akafuna kuti ana asangalale amayamba apha makolo patsamba loyamba. Ndinamuuza kuti ndamva, ndizigona ndi diso limodzi. Komabe mabuku amenewo ndiwo amawakonda kwambiri. Akuti mtsikana wa m'buku la maulendo akagwa amadzuka yekha n'kudzisansa fumbi, pamene wa m'buku la chikondi akagwa amayamba wayang'ana ngati pali chifuwa cha mnyamata pafupi.

A zachikondiwo amawawerengabe, musamve zake. Amawamaliza msanga kuposa enawo, ndipo ndinamupezapo akupukuta maso ndi kolala ya yunifolomu, n'kumanamizira mankhwala a tsitsi. Chomwe amadana nacho ndi mnyamata wamwano uja amene amapezeka m'mabuku ambiri, wosamwetulira, wansanje, womenya chitseko akakwiya.

"Wolembayu akuti ichi ndi chikondi," anatero tsiku lina. "Ine ndikuti iyi ndi nkhani ya kupolisi. Ndipo mwaona kuti anyamata amenewa sadikira? Afika, achita phokoso, amukoka dzanja mtsikana, atuluka. Ine ndikufuna buku limodzi lokha loti mnyamata akhale pabenchi, adikire mtsikana amalize zomwe akuchita. Munthu umamudziwa pabenchi."

Wamkulu ndiye ankatsutsa. Iye anyamata amwano a m'mabukuwo ankawakonda kwabasi, moti Jaji akafika pamene mnyamata wamenya mnzake chifukwa cha mtsikana, zala za Wamkulu zinkaima kuluka.

"Iwe ndiwe mwana, sudziwa kanthu," ankatero. "Nsanje ndi mchere wa chikondi."

"Asisi, mchere ukachuluka chakudya chimapita kwa agalu."

Tinkaseka, chifukwa nthawi imeneyo zinali za m'buku.

Kenako kunabwera a Makiyi, chibwenzi cha Wamkulu. Ndinawapatsa dzinali ndine, chifukwa munthuyo makiyi a galimoto sachoka pachala, amangowazunguza ngakhale akupereka moni. Ndi mnyamata wooneka bwino, zimenezo ndisaname, nsapato zake mungathe kudziyang'anirapo nkhope. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anayamba ndi kumulanda foni Wamkulu kuti aone amene wamuimbira. Kenako anamuletsa kupereka moni kwa wokonza mafoni, munthu woti takhala naye khoma limodzi chitsegulire saluni. Kenako anati ntchito yogwira mitu ya anthu si ya mkazi wake. Mkazi wake! Wachibale wake ngakhale mmodzi anali asanapondepo pakhomo panga. Pamapeto anati wapeza ntchito kumzinda wina wakutali, ndipo Wamkulu apite naye, zina zonse zidzalongosoka pambuyo.

Ine ndimapsa mtima msanga, ndipo apa ndinapsa zenizeni. Ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Ndinakalipa, ndinanyengerera, ndinalira, ndinatuma mng'ono wanga kuti akambe naye. Zonsezo zinali ngati kuthira madzi pamsana pa bakha. Wamkulu anasiya kundiyankha. Tinkaluka moyandikana tsiku lonse, koma akafuna mafuta ankauza kasitomala kuti, "Tawauzani amayi andipatsire." Tsiku lina anangonena akuyang'ana pagalasi kuti a Makiyi adzamutenga Loweruka masana. Lachisanu ndinapeza chikwama chake chachikulu chili kuseri kwa draya, zipi yotseka bwinobwino. Ndinakhala pabenchi. Mwana wamkulu sungamumangirire kumwendo wa tebulo, ndipo ndinadziwa kuti akakwera galimoto imeneyo ndamutaya.

Sabata yonseyo Jaji anali zii. Ndinakhumudwa naye, ndisabise. Ndinati m'mtima, pakamwa ponse paja, lero nkhani yafika m'nyumba mwako wasowa chigamulo?

Loweruka m'mawa ndinali nditayamba kuluka a Nesi pamene Jaji analowa. Mayo ine! Tsitsi lomwe ndinamuluka ndekha masiku ochepa apitawo anali atalimasula lonse, litaima m'mwamba ngati tsache lakutha, buku lili kukhwapa.

"Wapenga kodi?" ndinakuwa. "Lero n'tsiku lochitira zimenezi? Khala apo, ndikamaliza a Nesi ndikumanga mizere inayi uzipita."

"Ayi amayi." Anapita kukakhala pampando wa Wamkulu n'kudzikulunga yekha thawulo m'khosi. "Asisi, mundiluke komaliza. Ndikufuna timizere tating'onoting'ono tija, tomwe amayi sakutha."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze amene anaphunzitsa asisi akewo kugwira chipeso, koma a Nesi ananditsina pantchafu.

"Timeneto n'ta tsiku lonse," Wamkulu anatero. "Akubwera masana. Sitimaliza."

"Adikira," anatero Jaji. "Si amakukondani?"

Wamkulu anamuyang'ana mng'ono wakeyo pagalasi kwa kanthawi, kenako anatenga chipeso chosongoka n'kudula mzere woyamba.

Apa ndikufotokozereni inu amene simunalukepo. Woluka sasiya mutu theka. Kaya magetsi athima, kaya mvula ikudontha padenga, kaya mwayambana ndi kasitomala pakatikati, mutu ukauyamba umaumaliza. Munthu sangatuluke mumsewu mbali ina yolukidwa, mbali ina nyankhalala. Ndi chinthu choyamba chomwe ndinaphunzitsa Wamkulu, asanadziwe n'komwe kulumikiza meshi, tsitsi logula lija. Jaji wakulira pansi pa mipando imeneyi, ndiye ankadziwa bwino lomwe chomwe akuchita. Ine ndinazindikira mzere wachitatu uli m'kati.

Mutu uli chiweramire, Jaji anatsegula buku pamiyendo n'kuyamba kutifotokozera. Linali la chikondi, la mtsikana wogulitsa maluwa ndi mnyamata wa njinga yamoto. Anawerenga chaputala chonse osaima. Anawerenga china.

"Jaji, wadwala?" a Nesi anafunsa. "Chigamulo chili kuti lero?"

"Lero khoti lili patchuthi," anayankha, n'kutembenuza tsamba.

Dzuwa litafika pamutu, mbali ya kumanja inali itatha, yokongola moti ndinaima kaye kuiyang'ana. Ya kumanzere inali isanayambidwe. Pamenepo hutala inalira panja. Wamkulu anakweza chipeso pawindo kusonyeza kuti wamva. Hutala inaliranso, yaitali, mpaka wogulitsa matayala anasuzumira. Kenako chitseko cha galimoto chinamenyedwa, ndipo a Makiyi analowa osaodira.

"Takulandirani, alamu," anatero Jaji mwaulemu wonse, ali chiweramire. "Khalani pabenchi apo, asisi atsala mbali imodzi. Ngati mukufuna chowerenga, m'chikwama mwangamo muli buku la mapiri, n'lokoma."

Munthu uja anakhaladi, koma anangogunditsa thako. Makiyi aja anazungulira pachala, anazungulira, kenako iye anaimirira.

"Tiye. Ulendo ndi wautali."

"Ndimalize kaye mwanayu," Wamkulu anatero, zala zikuthamanga.

"Amaliza amayi akowa."

"Ndayamba ndine. Sindingamusiye chonchi."

"Ndati tiye! Ntchito yopusa imeneyi yatha lero. Ine ndiime pano ngati chitsiru chifukwa cha mutu wa kamwana aka?"

Ntchito yopusa! Ntchito yomwe yalera ana awiri, yawaveka, yawatumiza kusukulu! Ndinaika chipeso pansi, koma a Nesi anandigwira epuloni ndi manja awiri n'kundinong'oneza kuti, "Khalani chete, mayi, kamodzi kokha m'moyo mwanu."

A Makiyi anatambasula dzanja, anagwira mkono wa Wamkulu n'kuukoka mwamphamvu. Koma zala za Wamkulu zinali zitapota tsitsi la Jaji. Mutu wa mwana wanga unakokeka chammbali, mpando unazungulira, buku linagwa, ndipo tonse tinamva kaphokoso kaja ka tsitsi likamazuka. Jaji sanakuwe. Anangoluma mlomo, misozi n'kudzaza m'maso muja, dzanja lili pamwamba pa khutu.

Wamkulu anatambasula zala zake. Panali kachingwe ka tsitsi, ndi mizu yake yoyera kumapeto. Anakayang'ana, anayang'ana Jaji, kenako anayang'ana munthu uja. Ine ndinkadikira kuti mwina a Makiyi anena pepani. Sananene. Anangoti, "Waona zomwe wandichititsa? Tenga chikwama."

Wamkulu anachotsa mkono wake pang'onopang'ono. Mawu ake anali otsika moti ndinachita kutchera khutu.

"Khalani pabenchi ndimalize. Mukadikira, tipita."

Abale, mtima wanga unaima. Mwanayo ankanena zoona, ndinamuona m'maso. Munthu uja akanangokhala pansi, Wamkulu akanamaliza mutuwo n'kunyamula chikwama, ine n'kutsala ndi benchi yanga. Ndinayang'ana benchiyo ngati ndikuiona koyamba, ndipo ndinapemphera pemphero loipa, loti asakhalepo.

"Ine sindidikira mkazi," anatero a Makiyi. "Ndikaliza injini usanatuluke, usadzandifunenso."

Anatuluka. Tinamva chitseko cha galimoto, kenako injini. Inalira pamenepo kwa kanthawi ndithu, akuiponda kuti timve. Wamkulu anawongola mpando, anaweramitsa mutu wa mng'ono wake, anatola chipeso n'kudula mzere wina. Injini ija inayamba kumveka patali, mpaka inasakanikirana ndi phokoso la msewu.

Ine ndinkafuna kuvina, kukuwa, kuitana wogulitsa matayala kuti adzaone ana anga. Koma nditayang'ana pagalasi ndinaona misozi ya Wamkulu ikudontha pakhosi pa Jaji, ndipo ndinameza chimwemwe changa. Ndinabwerera kumutu wa a Nesi. Palibe anatola buku lija pansi.

Patapita nthawi yaitali Wamkulu anafunsa, osasiya kuluka.

"Unachita dala?"

"Eya, asisi."

"Unkafuna andisiye."

"Ayi." Jaji anapukusa mutu pang'ono. "Ndinkafuna adikire. Akanadikira, chikwama chanu ndikanakunyamulirani ndekha mpaka m'galimoto."

Wamkulu anamaliza mutuwo dzuwa likulowa, maso osaona bwino ndi misozi. Mbali ya kumanzere inatuluka yokhotakhota, mizere ina yonenepa, ina yoonda, ntchito yoti ngakhale wophunzira sangaionetse. Anatenga chikwama chake n'kupita kunyumba wapansi, osatsanzika aliyense.

Musaganize kuti m'mawa mwake kunali kukumbatirana. Wamkulu anamukwiyira Jaji masabata angapo. Ankabwera kuntchito, ankaluka, koma Jaji akatsegula buku ankayatsa draya ngakhale mulibe munthu. Foni yake inkalira, iye n'kumaiyang'ana mpaka isiye yokha. Tsiku lina ndinamumva akupereka moni kwa wokonza mafoni, ndipo ndinalowa kuseri kukapukuta maso.

Jaji ndiye anayenda ndi mutu wokhota uja kulikonse, kusukulu, kumsika, pakona pa bambo wa mabuku. Anzake ankamuseka kuti waluka mumdima. Ine zinkandichititsa manyazi, mwana wa mwini saluni kuyenda chonchija.

"Bwera ndikumasule, ukundithamangitsira makasitomala," ndinamuuza kangapo konse.

"Ayi amayi. Anaumanga ndi asisi, adzaumasula ndi asisi."

Tsitsi linamera pansi, mizere inayamba kutukumuka, iye osagonja. Ndimayang'ana kamtsikana koonda kaja kakutuluka ndi yunifolomu, mutu uli m'mwamba, ndipo ndimadzifunsa kuti kodi ine ndinabereka bwanji munthu wotere. Ndimanyada, abale, ndimanyada mpaka chifuwa kuwawa.

Tsiku lina masana kunalibe kasitomala. Jaji anali pampando wa draya, mphuno ili m'buku. Wamkulu anapukuta mpando wake, anaupukutanso, kenako anati, "Iwe, bwera kuno. Ukundinyozetsa ndi mutu umenewo."

Jaji anapita msangamsanga ngati akuopa kuti asintha maganizo. Wamkulu anamasula mzere umodziumodzi ndi nsonga ya chipeso, mpaka anafika pamwamba pa khutu la kumanzere. Pamenepo manja ake anaima. Panali kachigamba kosalala, kopanda tsitsi ngakhale limodzi, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Anakakhudza ndi chala.

"Zinkawawa?"

"Kwambiri."

"Nanga osalira bwanji?"

"Mukanayang'ana ine. Ndinkafuna muyang'ane iwowo."

Wamkulu anatenga mafuta n'kupaka pakachigambapo, pang'onopang'ono, nthawi yaitali kuposa yofunika. Kenako anadula mizere yake mwaluso kuti iphimbe malowo. Mpaka lero tsitsi silinamere pamenepo, ndipo Wamkulu salola munthu wina aliyense, ngakhale ine mayi wake, kugwira mutu umenewo.